Gawo 14: Popani, popani, gwirani!

Moni anthu akwathu kulikonse komwe mukumvera, kaya muli m'basi kuchokera ku shifiti ya usiku kaya muli ku Area 25 mukudikira magetsi ayake. Ndine uja wa ku Leicester, kuno ku Mangalande. Mawuwa asasa pang'ono mundikhululukire, Loweruka ndinakhalitsa panja ndipo mphepo ya mu Novembala kuno siyoseweretsa.

Nkhani ndi ya kagalimoto kanga ka Toyota Yaris, kaja kumudzi timati Vitz. Kanapita ku MOT, ndiye COF yakuno imeneyo, galimoto ikangokwana zaka 3 chaka chilichonse iyenera kukayezedwa. Kanakhoza bwinobwino koma makaniko akuti bwana buleki fuluwidi wanuyu wada, tikusinthireni mapaundi 60. Ine mumtima ndinangoitembenuza m'makwacha ndalamayo, matenda athu aja, ndiye ndinati zikomo ndibweranso. Sindinabwerereko.

Ndiulule, zaka zonse ndili ku Blantyre sindinaonepo munthu akusintha fuluwidi dala. Timangothira wina akachepa basi, botolo lili pansi pa mpando. Koma fuluwidi ameneyu amayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, ndipo kuno chinyezi ndiye kwawo. DOT 4 watsopano sawira mpaka madigiri 230, akamwa madzi amatsika kufika cha m'ma 155. Ndiye taganizani mukutsetsereka ku Thabwa kulowera ku Chikwawa phazi lili pa buleki njira yonse, mabuleki atentha, madzi aja awira asanduka nthunzi, nthunzi imafinyika, mukaponda pedulo ingolowa pansi fwaa ngati mwaponda papaya lakupsa. N'chifukwa amati zaka 2 zilizonse muzisintha ngakhale galimoto ikugwira bwino.

Ndinapita ku Halfords, sitolo ya zipangizo za galimoto, kukagula lita imodzi ya DOT 4, kapaipi koonekera mkati ndi ma axle stand awiri, zitsulo zokhazikapo galimoto ukaikweza ndi jeki. Pano mvetserani, werengani pa chivindikiro cha kathanki mu boneti, palembedwa mtundu wake. DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1 ndi pachibale, koma DOT 5 yekha ndi wa silikoni, osamusakaniza ndi anzakewo. Komanso jeki yokha osaidalira, anthu amaphwanyika nayo. Ndipo fuluwidi akadonthera pa penti tsukani ndi madzi pompo, amadya penti ameneyu.

Zida zonse zinalipo, chimene chinasowa ndi munthu. Kubulida mabuleki, kutulutsa fuluwidi wakale ndi mpweya m'mapaipi, kumafuna anthu awiri, wina pa pedulo wina pa tayala. Ku Ndirande ukangotsegula boneti anthu asanu afika kale, wina wagwira tochi wina akukuuza kuti vuto ndi pulagi ngakhale sanamve n'komwe kuti chavuta n'chiyani, kamnyamata kodutsa ukangokaitana kakhala kale pa chiwongolero. Kuno ndinaimbira anyamata atatu. Woyamba ali ku warehouse, wachiwiri wagona chifukwa akulowa usiku, wachitatu akuti tione sabata ya mawa ndiyang'ane kaye rota. Aneba anga azungu timangopatsana moni wa mutu chaka chachinayi tsopano, ndingawagogodere bwanji kuti tabwerani mudzandipondere buleki? Zilipo zida zobulidira uli wekha, ndinaziona, koma zinandiwawa kuti mpaka ndigule botolo la pulasitiki kulowa m'malo mwa munthu.

Mapeto ake ndinadzutsa madamu, anthu oti angofika kumene kuchokera ku care home, maola 12 ali chiimire. Anatuluka atavala jekete pamwamba pa chitenje, kapu ya tiyi kumanja, akuti bambo a mwana mapaundi 60 omwewo mpaka ine ndisagone? Ndinangoti pepani mayi, mphindi 20 zokha. Zinatenga maola awiri.

Tinayamba ndi kuyamwa fuluwidi wakale mu kathanki ndi sirinji, wakuda ngati tiyi wa ku Thyolo wopanda mkaka, n'kuthira watsopano. Kenako tayala la kutali kwambiri ndi master cylinder, pampu ya mabuleki ili pansi pa kathanki kaja, galimoto zakuno chiwongolero chili kumanja ngati kwathu ndiye ndinayamba kumbuyo kumanzere, koma onani buku la galimoto yanu poti zina zili ndi ndondomeko yakeyake. Kapaipi pa kanipo, kabawuti kotulutsira fuluwidi kuseri kwa tayala, mbali ina mu botolo. Ine ndikukuwa popani, popani, popani, gwirani! Ndatsegula ndi sipanala, fuluwidi watuluka, pedulo yatsika, ndatseka, kenako siyani! Mukasiya pedulo kanipo kali kotsegula mwayamwira mpweya mkati, muyambirenso. Madamu anasiya msanga kawiri konse, akuti sanamve chifukwa mawindo anatseka kuopa kuzizira, ineyo ndagwada pa simenti yonyowa mawondo achita dzanzi.

Chimene chinandithetsa nzeru ndi kanipo ka kumbuyo kumanja. Kuno nyengo yozizira amamwaza mchere m'misewu ndiye kunsi kwa galimoto n'dzimbiri lokhalokha, kanipo kanagwirana kuti gwa. Ukakakamiza kamathyoka, ndiye mapaundi 60 aja asanduka mazana. Ndinapopera WD-40, kudikira, kugogoda pang'ono, kudikiranso, mpaka kanalola. Ndipo tayala lililonse ndimathamangira ku boneti kukawonjezera fuluwidi, kathanki kakangouma mpweya ukalowa ku ABS, chipangizo choletsa matayala kuloka ukaponda buleki mwamphamvu, ndiye imeneyo si ntchito ya pakhomonso, ikufuna kompyuta ya ku galaji.

Titamaliza pedulo inali gwa, ndinayesa pang'onopang'ono mu kamsewu kathu kaye ndisanalowe mu msewu waukulu, ndinasuzumiranso matayala onse ngati pakudontha. Fuluwidi wakale ali mu botolo mu shedi, kuno sungathire mu ngalande, ndikasiya ku malo otayira zinyalala a khonsolo. Madamu akuti mapaundi 60 ndinapulumutsa aja ndi awo, atumiza kwa apongozi ku Balaka mawa. Tionana Lachisanu.