Makalata a omvera: nsikidzi za ku hositelo ndi nkhani zina za anyamata ogonera ku sukulu

Takulandirani omvera nonse. Sabata ino thumba ladzaza ndi makalata onena za sukulu za anyamata zogonera komweko. Ena alemba ndi makolo, ena ndi anyamata eni ake, ndipo angapo ali pa mapepala ong'ambidwa m'makope a Biology. Aphunzitsi, ife sitinaone kanthu.

Bambo wina wa ku Mchinji akuti mwana wawo wasankhidwa kukayamba Fomu 1, apite ndi chiyani? Bambo, tsatirani mndandanda umene sukulu yatumiza, koma pamwamba pake musaiwale ndowa, neti, tochi, mbale ndi kapu, ndi maloko awiri, lina la sutikesi lina la lokala. Chovala chilichonse chisokedwe dzina ndi ulusi, chifukwa inki imachoka pochapa. Nsapato zodula zisiyeni kunyumba. Zikapita kumeneko zimamera miyendo.

Tsopano kalata iyi ndiiwerenga yonse, yachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu. Akuti: "Mwana wanga ali Fomu 1. Atabwera ku holide, mikono ndi khosi zinali zotupatupa. Akuti usiku sagona chifukwa cha nsikidzi, m'kalasi amangosinza, ndipo anzake akumunena kuti ndiye anabwera nazo kuchokera kumudzi. Ndaganiza zomupatsa mankhwala amene timapopera tomato, kapena mapiritsi aja oika m'matumba a chimanga, kuti akaike pansi pa matiresi. Ndimupatse angati?"

Mayi, musamupatse ngakhale limodzi. Ndibwereze, ngakhale limodzi. Mapiritsi amenewo akakumana ndi chinyontho cha mu mpweya amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa phosphine, ndipo m'chipinda chotseka mazenera momwe mwagona anyamata makumi angapo, mpweyawo susankha kuti iyi ndi nsikidzi uyu ndi mwana wa munthu. Mankhwala a tomato nawo amalowa pakhungu, ndiye tangoganizani mwana atagonera matiresi onyowa nawo usiku wonse, thukuta lili kamukamu. Ena amathira parafini m'bedi. Magetsi akazima wina n'kuyatsa kandulo, hositelo yonse yapita. Mtima wanu ndaumva, ndi wa kholo, koma njirayo ayi.

Nsikidzi muzidziwe kaye khalidwe lake. Masana sizikhala pathupi. Zimabisala m'misoko ya matiresi, m'malo olumikizira zitsulo kapena matabwa a bedi, m'ming'alu ya khoma, m'mphepete mwa neti momwe mwapindidwa, ngakhale m'makona a sutikesi. Mwana atembenuze msoko wa matiresi ndi chala, aunike ndi tochi. Akaona timadontho takuda tambirimbiri, tizikopa toyera tofundula, ndi timazira toyera tomatirira pansalu, ndiye kuti pamenepo ndi pamudzi pawo. Mazirawo amaswa pakatha masiku 6 mpaka 10, ndipo mankhwala ambiri opopera sapha mazira. Apa ndi pamene sukulu zambiri zimalakwitsa: apopera kamodzi, aliyense agona tulo tabwino kwa sabata imodzi, kenako ana a nsikidzi aswa, anthu n'kumati mankhwala anali achinyengo. Kupopera kumafunika kubwereza pakatha masiku 10 mpaka 14. Ndipo musaganize kuti holide izipha ndi njala, zimatha miyezi ingapo osayamwa magazi, zikungodikira kuti sukulu itsegulidwe.

Mwana wanu payekha sangazithe, chifukwa akayeretsa bedi lake, za pabedi la mnzake zisamukira kwa iye usiku womwewo, makamaka pa mabedi osanjikiza aja. Ntchitoyi ndi ya hositelo yonse tsiku limodzi, Loweruka m'mawa m'malo mokatchetcha kubwalo. Mabedi onse atulutsidwe panja. Kukhitchini awiritse madzi m'miphika ikuluikulu ya nsima ija, ndipo madzi owira athiridwe m'malo onse olumikizira bedi, mkulu akuyang'anira kuti wina asapse. Zofunda, mashiti ndi mayunifolomu zinyikidwe m'madzi otentha osachepera madigiri 60, otentha moti dzanja silingapirire, kenako ziume padzuwa ndi kusitidwa, simbi ikudutsa bwino m'misoko ndi m'makolala. Misoko ya matiresi ikwechedwe ndi burashi yolimba kuti mazira achoke. Kungoyanika matiresi padzuwa sikokwanira, nsikidzi zimangothawira kunsi kozizira. Nsapato ndi zikwama zimangidwe m'pulasitiki wakuda tsiku lonse padzuwa la mu Okutobala, pamenepo kutentha kumafika, koma pa matiresi okhuthala sikulowa mpaka m'kati. Matiresi ong'ambika bola kuwakutira ndi pulasitiki wolimba n'kusoka mbali zonse. Ming'alu ya khoma imatidwe ndi simenti. Mabedi akabwerera m'kati asagunde khoma, ndipo bulangete lisalendewere mpaka pansi.

Kupopera kusiyireni anthu ophunzitsidwa. Ahedi alankhule ndi a zaumoyo a m'bomalo, iwo ndiwo amadziwa mankhwala ololedwa m'nyumba zogona anthu, ndiponso nthawi imene ana angabwererenso m'chipinda. Inu mayi, nkhaniyi kaitule ku msonkhano wa PTA, mufunse kuti apopera liti ndipo abwereza liti. Neti mwanayo asaitaye. Nsikidzi zambiri masiku ano sizifa ndi mankhwala a mu neti, n'zoona, koma nsikidzi sizipatsa malungo, udzudzu ndiwo umapatsa. Akamabwera ku holide, sutikesi ithere pakhonde, zovala zipite m'madzi otentha zisanalowe m'nyumba, apo ayi mudzalembanso kalata ina.

Koma chimene chandikhudza kwambiri ndi mawu aja akuti ndiye anabwera nazo kuchokera kumudzi. Anyamata inu, nsikidzi sizifunsa kuti kwanu ndi ku Area 47 kapena ku Tsangano. Zimafuna magazi basi, ndipo zimapezeka ndi m'nyumba zosesedwa bwino zomwe. Mwana wa zaka 13 kapena 14, koyamba kugona kutali ndi amake, usiku akulumidwa, masana akunyozedwa, mukuti aphunzira bwanji?

Ndipo si kalata yokhayi. M'thumbamu muli ena angapo odandaula chimodzimodzi. Wina akuti a Fomu 1 amadzutsidwa mbandakucha kuti akatungire madzi osamba a Fomu 4. Wina akuti chiponde ndi shuga zimene anamupatsa amake zinalandidwa tsiku lofika lomwelo. Wina akuti ku dining amamuchotsa pamzere, akafika pa mphika n'kupeza msuzi wokhawokha. Mumazitcha teasing, mumati ndi mwambo, nafenso anatichita. Mwambo wanji wodya kamba wa mwana wa mnzako? Amene mwazunzayo chaka chamawa adzazunza wina, ndipo mapulifekiti ena, m'malo moletsa, ndi amene amalandira gawo loyamba. Kuzunza anzako n'koletsedwa m'malamulo a sukulu, ndipo anthu amachotsedwa sukulu chifukwa cha zimenezi, ena atatsala miyezi yochepa kulemba MSCE. A boarding master, kuyendera hositelo nthawi ya prep kokha sikuthandiza, nthawi imeneyo muli zii. Dzafikeni magetsi atazimitsidwa, dzafikeninso m'mawa belu lisanalire, muone amene wanyamula ndowa ziwiri. A Fomu 1 agone m'chipinda chawochawo chapafupi ndi nyumba ya mphunzitsi. Iwe mphwanga amene ukuopa kunena chifukwa adzakutcha kazitape, uza mphunzitsi amene umamukhulupirira, kapena uza makolo aimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Tithamange, nthawi yatidyera. Mnyamata wa Fomu 2 akuti pakati pa zala ndi m'chiuno mukuyabwa kwambiri usiku, anzake atatu nawonso. Zikumveka ngati mphere, pitani nonse kuchipatala tsiku limodzi. Mankhwala ake amapakidwa thupi lonse kuyambira m'khosi kutsika, osati pokanda pokha, zofunda zichapidwe ndi madzi otentha, ndipo mulekeretu kubwerekana matawulo.

Wina wa Fomu 3 akuti nyemba za ku dining ndi zofumbwa tsiku ndi tsiku, moti anzake akukonza zoswa magalasi. Mphwanga, galasi silinaphikepo nyemba. Mukaswa, sukulu itsekedwa, ndalama zokonzera zigawidwa kwa makolo anu omwe, ndipo MANEB sisuntha tsiku la mayeso chifukwa cha inu. Pitani kudzera ku komiti ya zakudya, mupemphe kuti nyemba zizisankhidwa ndi kunyikidwa m'madzi madzulo, zofumbwa zambiri zimayandama n'kuyoledwa. Pemphaninso kuti mmodzi wa inu azikhalapo matumba akamalandiridwa ku sitolo.

Wina akufunsa ngati n'koopsa kutenthetsa madzi ndi mawaya awiri olowetsa mu soketi n'kuviika m'ndowa. Wafunsa ukudziwa yankho. Madzi onsewo amakhala ndi magetsi, wina akapisamo chala kuti aone ngati atentha, nkhani yake ndi ina.

Mayi wina wa ku Karonga akuti mwana wawo walowa drama, debate, Wildlife ndi SCOM, kodi sizimusokoneza? Mayi, makalabu sakulakwa, amene amachita masewero a ATEM kapena debate Chingerezi chake chimamasuka, ndipo Loweruka amakhala ndi chochita m'malo modumpha mpanda. Koma anayi achuluka, asankhe awiri, ndipo prep yamadzulo isakhudzidwe.

Womaliza ndi mnyamata amene akufunsa malo abwino obisa foni kuti a boarding master asaipeze. Ayi mphwanga, imeneyo sindikuthandiza, ndipo a boarding master akowo akumvera nawo pulogalamu ino. Makalata otsala tiwerenga sabata yamawa.