Masekondi Atatu M'kalasi ya Chingelezi

Moni abale nonse, kulikonse kumene mukundimvera. Ndikulankhula kuchokera ku Manchester, ku England, kunjaku mvula ikuwaza monga mwa masiku onse.

Lero ndikuuzeni za mkangano umene unabuka m'kalasi mwanga. Paja ndimaphunzitsa Chingelezi pa yunivesite ina kuno, kwa ophunzira ochokera m'mayiko ena amene sanafike pa 6.5 pamayeso a IELTS (oyesa luso la munthu pa Chingelezi), malikisi amene mayunivesite ambiri amafuna. Amabwera m'chilimwe digiri isanayambe, aliyense mtima uli m'mwamba. Akalephera, malo apita, ndalama za makolo zalowa m'madzi.

Ndinawagawa m'magulu a anthu anayi. Tsiku lina mnyamata wina wa ku Saudi Arabia anaimirira n'kunena kuti mtsikana wa ku China wa m'gulu lake amangokhala duu, osathandiza kalikonse. Mtsikanayo anangoti zyoli, misozi ili m'maso. Ine ndiye ndinaonjeza moto: ndinafuna kuweruza mlanduwo pomwepo, pamaso pa onse. Kalasi inagawikana pawiri.

Mawa lake ndinawaitana mmodzimmodzi. Mtsikana uja anati akamasanja chiganizo m'mutu, mnzakeyo amakhala atayamba kale kulankhula, ndipo kudula mnzake mawu amakuona ngati mwano. Mnyamata uja naye ankaganiza kuti munthu akakhala chete ndiye kuti wasowa chonena, choncho ankalowererapo pofuna kumupulumutsa ku manyazi. Tangoganizani, onse awiri ankadziona ngati aulemu!

Apa ndinakumbukira Mary Budd Rowe, katswiri wa maphunziro wa ku America. M'zaka za m'ma 1970 iye anapeza kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, koma akadikira masekondi atatu mayankho amatalika ndipo oyankha amachuluka. Iye ankafufuza m'makalasi a sayansi a ana, komabe ndinati tiyese.

Tinagwirizana kuti wina akamaliza kulankhula, gulu lonse liziwerenga chamumtima mpaka katatu. Ndinasinthanso kachongedwe kuti aliyense azilandira malikisi a gawo lake m'malo mwa malikisi amodzi a gulu lonse, chifukwa kunena zoona, mkwiyo wambiri unkachokera pamenepo.

Awiriwo sanasanduke mabwenzi ayi. Koma sabata yatha ndinamuona mnyamata uja akuwerenga zala kunsi kwa desiki, milomo ikumuyabwa, ndipo asanafike chala chachitatu mtsikana uja anatsutsa mfundo yake, ziganizo zinayi zathunthu.

Tikumanenso sabata yamawa.