Wa matalente awiri uja nayenso anauzidwa kuti "Wachita bwino"

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu m'mawa uno akuchokera pa Mateyu 25:14-30, fanizo la Yesu la matalente.

Lachisanu lapitali ndinali pa mwambo wotsekera teremu yachitatu pa sukulu ya pulayimale ya mishoni kwathu kuno. Tinayamba ndi Misa, ana a Tilitonse akuvina pobweretsa zopereka, kenako tinakakhala pansi pa mitengo ya mango, kamphepo ka mu Julaye kakutilowa m'mafupa. Ahedi anaimirira ndi mapepala awo n'kuyamba kuitana mayina, kalasi ndi kalasi. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Mayi wina anavula chitenje chakunja n'kuyala pansi kuti mwana wake, nambala wani wa Sitandade 6, adutsepo pokalandira makope ndi zolembera. Ndinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa, ndipo kunali koyenera, chifukwa ena mwa anawa amawerenga ndi tochi ya pa foni anzawo atagona.

Koma amene wandikhala m'maganizo ndi mnyamata wina wa Sitandade 4. Ndi amene anawerenga limodzi la mapemphero pa Misa ija, mwapang'onopang'ono, chala chili pa pepala, akupumira pakati pa mawu. Titamaliza, aphunzitsi ake anandinong'oneza kuti mwanayu anabwereza Sitandade 3, ndipo mu Seputembala sankatha kulumikiza ngakhale "ba" ndi "la". Teremu ino wakhala nambala 41. Dzina lake silinaitanidwe. Anangokhala chete kumbuyo, lipoti atalipinda m'thumba la kabudula.

Tabwerani nane ku fanizo lija. Bwana akupita ulendo, apatsa wantchito wina matalente asanu, wina awiri, wina imodzi, yense molingana ndi mphamvu zake. Pobwera, wa asanu wapindula asanu ena, wa awiri wapindula awiri ena. Tikanakhala ife tikanati uyu ndiye nambala wani, uyu wachiwiri, mphoto zisiyane. Koma werengani ndime 21 ndi ndime 23 moyandikanitsa. Mawu amene bwana anauza woyamba ndi omwewo amene anauza wachiwiri: wachita bwino, wantchito wabwino ndi wokhulupirika. Sanachotsepo liwu ngakhale limodzi. Sanamufunse kuti nanga mnzako uja wafika pa khumi bwanji iwe uli pa zinayi.

Ndipo musaganize kuti talente inali kandalama kogulira mandasi. Talente imodzi inali madinari pafupifupi 6,000, pamene dinari imodzi inali malipiro a tsiku lonse a munthu waganyu. Ndi thukuta la zaka zoposa 15 limenelo. Choncho ngakhale wa imodzi uja anasenza chuma chambiri. M'kalasi mulibe mwana amene Mulungu anamutumiza chimanjamanja.

Nanga wachitatuyo chinamugwetsa n'chiyani? Iye mwini ananena kuti ankaopa, n'chifukwa chake talente yake anaikwirira pansi. Apa ndi pamene mtima ukundiwawa monga kholo. Ana angati amabisa lipoti m'dengu la makala chifukwa akudziwa kuti kunyumba kuli ndodo? Angati amasiya kukweza dzanja m'kalasi chifukwa tsiku lina analakwitsa, kalasi lonse n'kuseka? Timati tikuwalimbikitsa tikamawauza kuti "Bwanji sukhala ngati mwana wa a uje?" koma mawu amenewo ndi khasu lokumbira dzenje. Mwana akamva kawiri katatu kuti ndi mbuli, amakhulupirira, ndipo akafika Sitandade 8 mayeso a MANEB amawalemba atagonja kale.

Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, sanayambe ndi kusankha ana anzeru okhaokha. Anaphunzitsa aliyense wobwera kuwerenga, kulemba ndi katekisimu. Sukulu ya Katolika ikaiwala mwana wa nambala 41, yaiwala kumene inachokera. Tili ndi Kizito Woyera, wamng'ono pa onse mwa amaritiri a ku Uganda, amene anatenthedwa ku Namugongo pa 3 Juni 1886 ali ndi zaka pafupifupi 14. Mpingo umamutenga kukhala nkhoswe ya ana a m'masukulu a pulayimale, osati chifukwa cha malikisi, koma chifukwa chimene anaphunzira anachigwiritsitsa mpaka pamoto.

Sindikunena kuti tisiye kupereka mphoto kwa ochita bwino, ayi. Amene wasankhidwira ku sekondale timuphere nkhuku, akuyenera. Koma madzulo ano, mwana wanu kapena mdzukulu akabwera, muitaneni, mutsegule kope lake la teremu yoyamba ndi la teremu ino, muone nokha mtunda umene wayenda. Mukaupeza, muuzeni pamaso pa abale ake. Ine ndisanachoke pa sukulu paja ndinamutsatira mnyamata uja, ndinamugwira dzanja n'kumuuza kuti, "Iwe, pemphero lija wawerenga bwino." Anayang'ana pansi, akumwetulira, n'kutulutsa lipoti lija m'thumba kuti ndilione.

Tiyeni tipemphere. Ambuye Yesu, inunso munakhalapo pakati pa aphunzitsi muli ndi zaka 12, kumvetsera ndi kufunsa mafunso. Dalitsani ana amene mayina awo anaitanidwa, ndi amene anakhala chete kumbuyo. Limbitsani aphunzitsi amene amapirira ndi mwana mmodzi miyezi yonse mpaka atawerenga. Ife makolo, tigwireni pakamwa pamene tikufuna kunyoza. Kizito Woyera, mutipempherere. Amen.