Makalata a Omvera: Kodi Tinali Kumwamba Tisanabadwe?

Moni nonse kulikonse komwe mukutimvera, a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Machinjiri mpaka kwa Lunzu uko, ndi inu amene mwatsekula wailesi pa foni muli pampanipani wa minibasi ku Limbe. Thumba la makalata lalemera sabata ino, ndipo ambiri mwalemba nkhani imodzi. Chiwerengereni mlendo wathu wa sabata yatha Yeremiya 1 ndime 5, pamene Mulungu akuuza mneneriyo kuti anamudziwa asanamuumbe m'mimba, foni ya pulogalamu ino sikupuma. Funso lanu n'lakuti: kodi mizimu yathu inalipo kale kumwamba tisanabadwe?

Bambo ena a ku Chirimba akuti mphindi za pulogalamuyi n'zochepa. Bambo, tavomereza, koma wotchi si yanga, ndi ya mabwana. Chemwali a ku Zingwangwa akuti tipereke moni kwa kwaya yawo. Moni wafika, ndipo muwauze aziyamba nyimbo pa kiyi imodzi.

Tsopano tcherani khutu. Kalata iyi yachokera kwa mayi wina wa ku Chilobwe amene wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Akuti:

"Ndili ndi mwana wamwamuna wazaka 7. Pobadwa anachedwa kulira, ndipo mpaka lero sayenda, sayankhula, ndimamubereka kulikonse. Mwezi watha kumapemphero a usiku, bambo wina wotsogolera anaimirira n'kunena kuti tonse tinali mizimu kumwamba kale, ndipo ana otere anachimwira komweko asanabwere, n'chifukwa chake anapatsidwa thupi lotere. Anthu anayankha kuti ameni. Ine ndinali pomwepo, mwana ali kumsana. Chiyambire tsiku limenelo ndikamamusambitsa ndimamuyang'ana n'kumadzifunsa kuti kodi analakwanji mwana wanga. Ndithandizeni, kodi zili m'Baibulo?"

Mayi, pepani. Pepani kwambiri. Ndipo inu amene munayankha ameni usiku umenewo, ngati mukumvera, manyazi akugwireni pang'ono. Munthu ali ndi katundu kumsana, inu n'kumusenzetsanso wina pamutu?

Ndiyamba ndi yankho lalifupi kuti mtima wanu ukhale pansi. Funso lanu lomwelo ophunzira anamufunsapo Yesu. Tsekulani Yohane 9. Ataona munthu wosaona chibadwire, anafunsa kuti anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake, kuti abadwe chonchi. Taonani bwino funsolo. Munthu wobadwa wosaona angachimwe liti kuti chilango chimupeze pa tsiku lobadwa? Ndiye kuti m'mitu mwa ofunsawo munali ganizo lakuti tchimo lingayambe munthu asanatuluke m'mimba. Yesu anadula zonse ziwiri pa ndime 3: sanachimwe iyeyu, kapena makolo ake. Ngati bambo a kumapemphero aja ali ndi vumbulutso loposa la Yesu, abwere nalo kuno ku situdiyo, mpando ulipo.

Koma ndisawanamizire kuti anangozipeka. Ganizoli ndi lakale kwambiri, ndipo mkangano wake unaphikidwa kwathu konkuno ku Africa. Ku Alexandria, m'dziko la Egypt, kunali mphunzitsi wotchuka dzina lake Origen, amene anabadwa cha m'ma 185. Munthu ameneyu sanali wamasewera, anali katswiri wa Malemba ndipo anazunzidwa m'ndende chifukwa cha chikhulupiriro chake. Chimene chinkamusowetsa tulo n'chimenenso chikukusowetsani inu tulo, mayi: ngati Mulungu ndi wolungama, bwanji wina amabadwira m'nyumba yachifumu, wina mu ukapolo, wina wamphamvu, wina wolumala? Pofuna kuteteza chilungamo cha Mulungu, Origen anati mizimu yonse inalengedwa yofanana dziko lisanakhalepo, kenaka mwa kufuna kwake inazirala pa chikondi cha Mulungu, ina pang'ono, ina kwambiri. Yozirala pang'ono n'kukhala angelo, yapakati n'kukhala anthu, yotayikiratu n'kukhala ziwanda. Ankaloza nkhani ya Yakobo ndi Esau pa Aroma 9, kuti wina anakondedwa asanabadwe. Maganizo amenewa anali ndi fungo la nzeru za Agiriki, makamaka za Plato, amene ankaphunzitsa kuti mzimu umakhalapo thupi lisanabwere.

Mpingo sunamutsatire. Mfumu Justinian ya ufumu wa Aroma inatulutsa chikalata chotsutsa chiphunzitsochi m'chaka cha 543, ndipo pa msonkhano waukulu wa mabishopu ku Constantinople mu 553 dzina la Origen linaikidwa pa mndandanda wa otsutsidwa, patapita zaka pafupifupi 300 mwini wake ali m'manda. Ndipotu ndime yomwe ankadalirayo imamutembenukira. Aroma 9 ndime 11 ikunena poyera kuti anawo anali asanabadwe, asanachite kanthu kabwino kapena koipa. Asanachite kanthu, mayi. Si ine ndanena, ndi Paulo.

Nanga Yeremiya uja? Apa ndi pamene ambiri mwapunthwa, ndipo ndilankhula monga ine ndikuonera. Kudziwidwa ndi Mulungu n'kosiyana ndi kukhalapo. Mmisiri wa ku Ndirande amaudziwa mpando wa sofa ndi maonekedwe ake onse matabwa akadali pamsika, koma palibe amene angakhalepo tsiku limenelo. Ndimeyo ikuti Mulungu anamudziwa Yeremiya, siikunena kuti Yeremiya anamudziwa Mulungu kapena kuti ankacheza naye. Pa 1 Mafumu 13 mneneri anatchula dzina la mfumu Yosiya zaka mazana Yosiyayo asanabadwe. Salimo 139 ikuti masiku athu analembedwa m'buku pasanakhale ndi limodzi lomwe, ndipo salimo yomweyo ikuti Mulungu anatiumba m'mimba mwa amayi athu. Zekariya 12 ndime 1 ikuti Mulungu amaumba mzimu wa munthu m'kati mwake. Ndipo Yobu atachulutsa mafunso, Mulungu anamufunsa pa mutu 38 kuti unali kuti pamene ndinkaika maziko a dziko. Yobu sananene kuti ndinali pambali panu. Anagwira pakamwa.

Chimene chimandimangitsa mfundo ine ndi Yesu mwini. Pa Yohane 8 ndime 58 ananena kuti Abrahamu asanakhalepo iye alipo, ndipo anthu anatola miyala. Pa Yohane 8 yomweyo ndime 23 anati inu ndinu ochokera pansi, ine ndine wochokera kumwamba. Tikanakhala kuti tonse tinatsika kumwamba, mawu amenewa akanakhala opanda mchere, akanangomuyankha kuti nafenso tinachokera komweko.

Tsopano, chilungamo chikufunika pa wailesi. Mkulu wina wa ku Namiwawa walemba mwaulemu kwambiri, akuti iye ndi wa mpingo wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, umene ambiri mumautcha wa Mormon, ndipo iwo amakhulupirira kuti tonse tinakhala ndi Mulungu ngati ana ake auzimu tisanabadwe. Zoona bambo, mpingo wanu, umene Joseph Smith anayambitsa ku America mu 1830, umaphunzitsa zimenezi poyera, ndipo mumaloza Yeremiya yemweyo, Yobu 38 ndime 7 pamene ana a Mulungu anafuula mokondwera, ndi Mlaliki 12 ndime 7 pamene mzimu ubwerera kwa Mulungu amene anaupereka. Ine pa Yobu ndimawerengapo angelo, ndipo pa Mlaliki ndimati chinthu chingabwerere kwa wochipereka ngakhale kuti sichinakhale naye zaka zikwi. Tasiyana pamenepo, koma kalata yanu munailemba popanda kutukwana, ndipo mwatsindika kuti kwa inu mwana wolumala si wolangidwa. Zikomo chifukwa cha mawu amenewo. Ena amene timagwirizana nawo chiphunzitso akanaphunzira kwa inu kalembedwe ka kalata.

Musaganize kuti mipingo yotsalayo imayankhula chinthu chimodzi. Onse amakana zakuti tinali kumwamba, koma ukawafunsa kuti nanga mzimu umachokera kuti, chisokonezo chimayamba. Tertullian, mphunzitsi wakale wa Chikhristu wa ku Carthage, komwe lero ndi Tunisia, ankati mzimu umachokera kwa makolo pamodzi ndi thupi, ndipo a Lutheran ambiri anatsata njira imeneyo. Akatolika amati ayi, mzimu uliwonse amaulenga ndi Mulungu mwini, makolo sapanga mzimu. Zili m'Katekisimu wawo wamkulu pa nambala 366. A chiphunzitso cha John Calvin, kumene CCAP yathuyi inachokera, ambiri ali mbali yomweyo. A Seventh Day, abale athu a ku Malamulo, amatsekula Genesis 2 ndime 7 n'kunena kuti dothi kuphatikiza mpweya wa moyo ndiye munthu wamoyo, palibe mzimu woyenda paokha thupi lisanakhalepo.

Amene amandigwira mtima ndi Augustine, bishopu wa ku Hippo, komwe lero ndi Algeria. Mu 415 analembera kalata Jerome, katswiri womasulira Baibulo amene ankakhala ku Betelehemu, kumupempha nzeru pa nkhani yomweyi, ndipo chimene chinkamuvutitsa kwambiri chinali kuzunzika kwa makanda osalakwa. Munthu amene mabuku ake akuwerengedwa m'masukulu a ubusa mpaka lero anafika pa imfa yake mu 430 asanasankhe mbali pakati pa makolo ndi kulenga kwa Mulungu, ndipo ankanena poyera kuti sakudziwa. Nanga inu bambo a ku Chilobwe, amene mwina Yeremiya mumachita kumufufuza pa tsamba la zam'katimu, mwadziwa bwanji zimene mwana wazaka 7 anachita kumwamba?

Ndipo apa mundilole ndilalikire pang'ono, chifukwa kalata ya mayiyu si yokha. Wina wa ku Mbayani akuti anauzidwa kuti sakupeza ntchito chifukwa mzimu wake unapanga pangano usanabadwe, ndipo kumasula kwake n'kwa ndalama. Wina wa ku Chigumula akuti banja lake likutha chifukwa mneneri wanena kuti mwamuna wake si amene anagwirizana naye kumwamba. Mayi winanso amene anapita padera kawiri anauzidwa kuti anawo anaona nyumba yake ali kumwamba n'kuikana. Abale anga, tafika pati? Taonani mmene malonda ake alili okoma. Akakuuza kuti unachimwa dzulo, ukhoza kutsutsa chifukwa dzulo ukulikumbukira. Akakuuza kuti unachimwa usanabadwe, utsutsa ndi chiyani? Palibe mboni, palibe chikumbukiro, pali envelopu basi. Makolo athu sankaphunzira za Origen, koma mayi akataya mwana amayi anzake ankamuzungulira, kumuphikira phala, kumutungira madzi. Lero timamuzungulira ndi maikolofoni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo inu azibusa ndi akulu a mpingo enieni, mwakhala chete kwambiri. Akhristu anu Lamlungu m'mawa ali pa benchi panu, usiku ali kuphiri kwa Soche akumva zina, chifukwa mafunso ovuta ngati amenewa simuwayankha pa guwa.

Kubwerera kwa inu mayi. Mwanena nokha kuti mwana anachedwa kulira. A zachipatala amafotokoza kuti khanda likachedwa kupuma pobadwa, ubongo umasowa mpweya ndipo mbali yoyendetsa thupi imatha kuwonongeka. Chikasu champhamvu m'masiku oyamba, malungo okhudza ubongo ndi matenda oumitsa khosi zimathanso kuchita chimodzimodzi. Ngati simunayambe, pitani naye ku Queens akamuone a mafizo. Mafizo sabweza zonse, koma amathandiza kuti ziwalo zisaume, ndipo amakuphunzitsani kakhazikidwe ndi kadyetsedwe kabwino, msana wanunso upumeko. Kumeneko mukapezanso amayi ena obereka ana ngati wanu, ndipo amenewo ndi amene angakumvetseni kuposa ine wapawailesi. Kumapemphero ajawo musabwererenso. Pitani kwa abusa a mpingo wanu, muwafotokozere zimene zinanenedwa, ndipo amvano kapena a chigwirizano cha amayi a kwanuko ayambe kukuyenderani. Mutilemberenso mwezi wamawa, tikufuna kumva mmene mnyamatayo akuchitira.

Nthawi yathamanga, tithamange nayo. Agogo ena a kwa Kachere akuti mdzukulu wawo wafanana ndi malemu amuna awo mpaka kayendedwe, kodi si iwo abwerera? Agogo, ndi magazi amenewo. Ahebri 9 ndime 27 ikuti munthu amafa kamodzi. Mwanayo mumutche dzina la agogo ake ngati mukufuna, koma musayambe kumugwadira pomupatsa nsima.

Mphunzitsi wina wa Sande sukulu ku Chilomoni akufunsa chimene angayankhe ana akamati ndinali kuti amayi ndi abambo asanakwatirane. Auzeni kuti anali asanakhalepo, koma Mulungu ankawadziwa kale ndi dzina. Ana amamva msanga, ovuta ndife akuluakulu.

Bambo a ku Bangwe akuti ndine wa CCAP n'chifukwa chake ndikukondera. Bambo, ndime zonse ndazitchula ndi manambala ake, tsekulani Buku Lopatulika kapena Buku Loyera, lililonse muli nalo, mundilembere pamene ndapotoza ndipo ndidzawerenga kalata yanu yonse osadumpha liwu.

Womaliza ndi mnyamata wa pa koleji ina mumzinda muno. Akuti analota kuti iye ndi mtsikana wina wa m'kalasi mwake analonjezana ukwati ali kumwamba asanabadwe, koma mtsikanayo akumukana, achite chiyani? Achimwene, ngati pangano linalipo, mnzanuyo sakulikumbukira, ndipo kuno ku Blantyre mtsikana akati ayi ndiye kuti ayi. Bwererani ku mabuku, mayeso ali pafupi. Anzanga a nkhani akundikodola pagalasipa, tikumanenso Lachinayi likubwerali nthawi yomweyi.