Kugumula zisakasa ndi chitetezo cha m'makomo mwathu muno mu Harare

Agogo athu, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata amene mwakhala kumbuyoko, ndikuthokozeni chifukwa chobwera. Akomiti anandipempha kuti ndilankhule za dandaulo limene lakhala likumveka pa misonkhano yathu ya maliro ndi ya kumpingo, loti anthu amene amanga zisakasa za mapepala ndi malata m'mphepete mwa mtsinje wa Mukuvisi ndiwo akutibera, ndipo kuti tilembe kalata ku khonsolo yopempha kuti awachotse. Dandaulo limeneli sindikulipeputsa, pakuti munthu amene wathyoleredwa nyumba kapena kulandidwa foni pobwera ku ntchito ali ndi chifukwa chokwiyira. Koma tisanasayine kalatayo ndikufuna tikumbutsane zimene zinachitika mumzinda uno pamene anthu anachotsedwa mwa njira yomweyo, chifukwa ambiri a ife tinaziona ndi maso, ndipo ena a ife ndife amene tinachotsedwawo.

Mu Meyi 2005 boma linayamba ntchito imene linaitcha Murambatsvina, dzina la Chishona lotanthauza kukana nyansi. Zifukwa zimene zinaperekedwa n'zofanana kwambiri ndi zimene zili m'kalata yathuyi: kuti umbava wachuluka, kuti anthu akusintha ndalama zakunja mobisa, kuti misika ndi nyumba zamangidwa popanda chilolezo, kuti mzinda wada. Anayamba ndi mavenda a m'tauni, kenaka anafika ku Mbare, ku Hatcliffe Extension, ku Chitungwiza ndi m'malokeshoni ena, mpaka ntchitoyo inafalikira ku Bulawayo, ku Mutare ndi m'matauni ena onse. Bungwe la United Nations linatumiza mayi Anna Tibaijuka a ku Tanzania, amene ankatsogolera nthambi yoona za malo okhala anthu, ndipo lipoti lawo la mu Julayi chaka chomwecho linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba, kapena njira yopezera ndalama, kapena zonse ziwiri, ndipo ena pafupifupi 2.4 miliyoni anakhudzidwa mwa njira zina. Boma linatsutsa ziwerengero zimenezi, koma aliyense amene anayenda mu Mbare mwezi wa Juni umene uja akukumbukira mmene malo ankaonekera.

Ine nthawi imeneyo ndinkachita lendi kanyumba ka matabwa kuseri kwa nyumba ya eni ake. Tinauzidwa kuti tikagwetse tokha zimagalimoto zogumula zisanafike, ndipo ndinazula misomali ndi manja anga kuti ndipulumutseko malata asanu ndi limodzi. Munali m'nyengo yozizira, ndipo mukudziwa mmene Juni wa kuno amalumira m'mafupa. Tinagona panja masabata atatu, bedi ndi kabati zili pabwalo, mkazi wanga atamanga chitenje pakati pa kabatiyo ndi mpanda kuti mphepo isamenye mwana. Usiku wachinayi ndinangoti ndiphethire pang'ono, podzuka ndinapeza malata awiri palibe, pamodzi ndi chikwama chimene munali setifiketi ya kubadwa ya mwanayo. Ndikunena zimenezi kuti muone mfundo yoyamba imene anthu okhala m'nyumba za zitseko amaiwala, yoti munthu wogona panja ndiye woyamba kuberedwa, kumenyedwa, ndipo ngati ndi mkazi kapena mtsikana, kugwiriridwa. Alibe chitseko chotseka, alibe adiresi yopereka ku polisi, ndipo nthawi zambiri amaopa kukadandaula poganiza kuti akafika kumeneko ayamba kufunsidwa iyeyo chifukwa chimene akugonera pamalo osaloledwa.

Chachiwiri chimene ndinaona chinatenga miyezi kuti ndichimvetse. Pa kona ya msewu wathu pankakhala amayi atatu ogulitsa tomato, repu ndi mtedza, kuyambira m'bandakucha mpaka cha m'ma 9 koloko usiku, atayatsa kandulo m'botolo lodulidwa. Amayi amenewa ankadziwa mwana wa aliyense, ankadziwa amene ali pa ntchito ya usiku, ndipo mlendo akaima nthawi yaitali akuyang'ana geti la munthu ankamufunsa kuti akufuna yani. Palibe amene ankawalipira pa ulonda umenewu, ndipo ife sitinkauona ngati ulonda. Matebulo awo atachotsedwa, konayo inasanduka mdima wokhawokha, ndipo akazi otsika kombi madzulo anayamba kupempha amuna awo kuti azikawachingamira. Mbava zenizeni, zija zothyola nyumba ndi kugulitsa katundu kwina, sizinasowe pogona, chifukwa zinali ndi ndalama zochitira lendi chipinda pamene lendi inakwera. Amene anachoka anali osoka nsapato, ometa tsitsi, okhoma zidebe ndi agogo olera adzukulu amasiye, ndipo achinyamata amene ankathandiza pa ntchito zimenezi anatsala manja lende, akungozungulira m'misewu.

Funso limene kalata yathu siyikuyankha ndi lakuti anthuwo akachotsedwa apite kuti. Mu 2005 yankho linali loti aliyense abwerere kumusha. Kwa mnzathu wa Chishona amene ali ndi munda ku Murehwa kapena ku Gutu, mawu amenewa anali owawa koma anali ndi tanthauzo. Nanga ife? Agogo athu anabwera kuchokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ena ku Tete ndi ku Chipata, ena pansi ndi ena pa malole a Mthandizi, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kuno, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu, ndipo ambiri anakhala matchona mpaka kuikidwa m'manda konkuno. Ana awo anabadwira pa famu, ndipo mafamuwo atalandidwa kuyambira mu 2000 ambiri anathamangira ku Epworth ndi m'mphepete mwa mzinda, atanyamula zitupa zolembedwa kuti ndi alendo. Munthu wotere ukamuuza kuti apite kumusha, amangosamuka pamene wamugumulirapo n'kukamanga chisakasa china pa mtunda wa makilomita awiri, pamalo obisika kwambiri, kutali ndi mpopi, kutali ndi kiliniki, pakati pa anthu amene sakumudziwa.

Nkhani ya Porta Farm ikuonetsa bwino kuzungulira kumeneku. Mu 1991, mzinda ukukonzekera msonkhano wa atsogoleri a maiko a Commonwealth ndi kubwera kwa Mfumukazi Elizabeth, anthu osowa pokhala anatoledwa m'madera a Harare n'kukasiyidwa ku Porta Farm, pafupi ndi nyanja ya Chivero, ndipo anauzidwa kuti n'zongoyembekezera. Anakhala kumeneko zaka khumi ndi zinayi, anamanga nyumba ndi sukulu, ambiri ankapha ndi kugulitsa nsomba. Kumapeto kwa Juni 2005 malowo anagumulidwa, ngakhale panali zigamulo za khoti zoletsa kuwachotsa popanda kuwapatsa pokhala pena. Anatengedwa kupita ku Caledonia, kenaka ambiri anakatsitsidwa ku Hopley, kumene kunalibe madzi a m'mipopi kapena zimbudzi zokwanira. Ntchito ya Garikai, imene inalengezedwa kuti imangire nyumba ogumuliridwa, inamanga nyumba zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zinagwa. Banja limodzi linasamutsidwa katatu, ndipo pa kusamuka kulikonse mwana ankasiya sukulu, wodwala ankasiya kulandira mankhwala, ndipo anansi amene ankatetezana ankabalalika.

Pali chinanso chimene chimakhudza ngakhale inu amene muli ndi nyumba zanuzanu. Tinyumba ta kuseri titagwa, anthu amene sanachoke anapanikizana m'nyumba zazikulu, banja lonse m'chipinda chimodzi, ena pakhonde, pomwe mapaipi a zonyansa a m'malokeshoni akalewa anali atatopa kale. Patapita zaka zitatu, mu 2008, kolera inabuka, ndipo pofika mu 2009 inali itapha anthu opitirira 4,000 m'dziko muno, Budiriro ndi Glen View ali m'gulu la madera amene anavutika kwambiri. Sindikunena kuti kugumula kokha ndiko kunabweretsa kolera, pakuti vuto la madzi a mumzinda linali lalikulu palokha, koma kuthithikana kwa anthu pa chimbudzi chimodzi kunathandiza matendawo kuyenda mofulumira. Chitetezo cha dera chimayambira pa zinthu ngati zimenezi, ndipo kachilombo sikafunsa ngati munthu ali ndi mapepala a sitandi, kapena kuti puloti.

Tsopano ndinene mbali inayo mosabisa, kuopa kuti munganene kuti mkuluyu akuikira kumbuyo zoipa. M'zisakasa zina mumagulitsidwa mankhwala ozunguza bongo otchedwa mutoriro ndi bronco, ndipo ana athu ena akuonongeka ndi zimenezi. Muli ena amene amasunga katundu wakuba, ndipo mtsinje ukuipitsidwa chifukwa palibe zimbudzi. Zonsezi n'zoona. Koma wogulitsa mutoriro ndi munthu, ali ndi dzina ndi nkhope, ndipo amene amamudziwa bwino koposa ndi mayi wa chisakasa choyandikana naye, amene mwana wake ali pangozi kuposa wanu. Mayi ameneyo angathe kulankhula ngati akudziwa kuti kulankhulako sikubweretsa chigalimoto chodzagumula nyumba yake pamodzi ndi ya wogulitsayo. Tikapempha kuti onse achotsedwe, timatseka pakamwa pa mboni yathu, ndipo wogulitsayo amangosamukira m'nyumba ya lendi mumsewu mwathu momwemo, popeza makasitomala ake ena ndi ana a m'nyumba za njerwa.

Malamulo nawo anasintha, ndipo n'kofunika kuti aliyense pano awadziwe. Malamulo oyendetsera dziko a 2013, mu gawo 74, amati munthu asachotsedwe m'nyumba yake kapena kugumuliridwa nyumbayo popanda chigamulo cha khoti, choperekedwa khotilo litaunika zonse zokhudza nkhaniyo. Gawo 81 limatchula pogona pakati pa maufulu a mwana aliyense. Ndipo gawo 43, limene ambiri a ife sitinalitsatire mokwanira, limapereka unzika kwa munthu wobadwira m'Zimbabwe amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, monga Malawi, Mozambique kapena Zambia, ngati iye ankakhala muno pamene malamulowo ankayamba kugwira ntchito. Ngakhale zili choncho kugumula sikunathe, monga tinaonera ku Arlington pafupi ndi bwalo la ndege mu 2016, pa misika ya ku Mbare m'nthawi ya Covid mu 2020, ndi ku Budiriro kumapeto kwa chaka chomwecho mvula ikugwa. Ambiri mwa ogumuliridwa m'zaka zimenezi anali anthu amene analipira ndalama zawo kwa akathyali ogulitsa malo amene si awo, ena a m'madambo, n'kupatsidwa malisiti opanda ntchito. Choncho amene lero mukuti muli pabwino chifukwa munagula sitandi ku kopaletivu, pitani ku khonsolo mukafunse ngati malowo analembedwa mwalamulo, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwathu ku Malawi nakonso nkhani yomanga munthu chifukwa cha umphawi wake inafika ku khoti. Venda wina wa ku Blantyre, Mayeso Gwanda, anamangidwa m'bandakucha akupita kukagulitsa majumbo, pa lamulo lakale la atsamunda la anthu oyendayenda, ndipo mu 2017 khoti lalikulu linagamula kuti gawo limenelo la lamulolo likusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Ndatchula zimenezi kuti achinyamata adziwe kuti munthu wamba angathe kuima pamaso pa oweruza n'kupambana, ndipo kuno maloya a Zimbabwe Lawyers for Human Rights akhala akutengera nkhani za kugumula ku makhoti.

Nanga m'malo mwa kalata ija tichite chiyani? Pali njira imene a Zimbabwe Homeless People's Federation, gulu la anthu osowa pokhala, mothandizana ndi bungwe la Dialogue on Shelter, akhala akuitsata kwa zaka zambiri, ndipo ku Dzivarasekwa Extension anagwira ntchito limodzi ndi khonsolo kukonza malo anthu ali pomwepo. Amayamba ndi kuwerenga anthu khomo ndi khomo, kulemba maina, ana, odwala ndi ntchito zimene amagwira, kenaka amasonkha ndalama pang'onopang'ono m'magulu, ambiri otsogoleredwa ndi amayi, kuti pokakambirana ndi akuluakulu apite ndi kaundula ndi bukhu la ndalama m'manja. Ife luso limeneli tili nalo kale, chifukwa mabungwe athu a maliro akhala akusunga maina ndi zopereka kuyambira nthawi ya agogo athu, ndipo sipanapezeke Mnyasa woikidwa ngati galu pamene bungwe lilipo.

Pempho langa kwa akomiti ndi lakuti Loweruka likudzali anthu asanu, amayi atatu ndi abambo awiri, apite kumtsinje kuja masana, osanyamula ndodo, akakhale pansi ndi akulu a kumeneko n'kumva kuti ndi ndani, anachokera kuti, ndi angati ali ndi zitupa, ndipo ndi ana angati sakupita ku sukulu. Ndikukhulupirira kuti mukamva Chichewa kumeneko. Mukawauze za gawo 74, mukawalangize kusunga zitupa, masetifiketi a ana ndi makhadi a kuchipatala mu jumbo imodzi kwa munthu wodalirika wa m'nyumba ya chitseko, ndipo amayi mukauze atsikana kuti ku polisi kuli ofesi ya Victim Friendly Unit, yolandira nkhani za kugwiriridwa ndi nkhanza, ndipo kuti mmodzi wa inu angathe kuwaperekeza. Mukawapemphenso kuti asankhe anthu awiri odzakhala nawo m'gulu lathu la ulonda wa usiku, kuti nkhani ya mutoriro ndi ya katundu wakuba tikaipereke ku polisi ndi maina a anthu eniake. Amene mukufuna kupita nawo, alembi ali pakhomo apo ndi kope, ndipo a tcheyamani, ndabweza mpando kwa inu kuti mulandire mafunso.