Mmene mfumukazi inalowera pa bolodi la chesi

Zikomo a mfumu, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko. Taonani kachidole ndanyamulaka. Aliyense amene anasewerako chesi amadziwa kuti aka ndi mfumukazi, ndipo mnzako akakudyera, thupi lonse limazizira. Koma masewerawa atayamba ku India m'zaka za m'ma 500, mfumukazi kunalibe. Pambali pa mfumu pankaima nduna, mwamuna wolangiza za nkhondo, amene ku Persia ankamutcha farzin. Ndunayo inali yofooka zedi. Inkasuntha kabokosi kamodzi kokha, mopingasa, basi.

Aluya ndiwo anafika nawo masewerawa ku Spain, kenako anafalikira mu Ulaya. Cha m'ma 1000, ndakatulo ina ya Chilatini yosungidwa ku nyumba ya amonke ya Einsiedeln ku Switzerland inatchula mfumukazi pamalo pa nduna ija. Ndi nthawi yomweyo pamene amayi awiri, Theophanu ndi apongozi ake Adelaide, anagwirizira ufumu waukulu wa ku Germany motsatizana, chifukwa mfumu Otto III, mwana wa Theophanu, anali akadali wamng'ono. Anthu anali ataona ndi maso awo mayi akuweruza milandu ndi kutuma asilikali.

Apa pali kanthu kena kondichititsa chidwi. Mukudziwa kuti kamsilikali kakafika kumapeto kwa bolodi kamasanduka mfumukazi. Ndakatulo ija imati zimenezi zinkaloledwa pokhapokha mfumukazi yoyamba itadyedwa kale. Kwa Akhristu a nthawiyo, mfumu yokhala ndi akazi awiri inali ya mitala, ndipo sankafuna mitala ngakhale pa bolodi.

Komabe mfumukaziyo inkayenda pang'onopang'ono ngati nduna ija kwa zaka pafupifupi 500. Zinthu zinatembenuka ku Spain. Mu 1474 Isabella anavekedwa ufumu wa Castile, mayi amene sankayembekezera kuuzidwa zochita ndi mwamuna wake Ferdinand. Cha m'ma 1475, mu mzinda wa Valencia, kunalembedwa ndakatulo yotchedwa Scachs d'amor, yomwe ikuonetsa mfumukazi ikuthamanga bolodi lonse, kutsogolo, kumbuyo, m'mbali ndi mopingasa. Mu 1497 buku la Lucena losindikizidwa ku Salamanca linafotokoza malamulo atsopanowa. Wolemba mbiri Marilyn Yalom analumikiza kusinthaku ndi mphamvu za mafumu aakazi ngati Isabella, ndipo ine ndikugwirizana naye ndi mtima wonse.

Si onse anakondwera. Ku Italy ena anawatcha masewera a mfumukazi yolusa. Koma osewera anawakonda chifukwa mpikisano sunkachedwanso kutentha.

Tsopano senderani pafupi. Ndaika mfumukazi pakatikati pa bolodi lopanda kanthu. Nduna yakale ikanafika timabokosi 4 tokha kuchokera pano. Iwe mtsikana wavala chofiira, bwera uwerenge ndi chala timene iyi ingafike. Uyenera kupeza 27.