Fungo la mowa ndi chipikisheni cha galimoto pamsewu

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo. Inu anyamata a kabaza mwaima kuseri kwa mtengo uko, senderani kuno, nkhaniyi ndi yanunso.

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, tonse timadziwa mmene kumakhalira. Ndalama zalowa m'thumba, mabala adzaza, ndipo pamsewu wa M1 apolisi achuluka. Ndiye ambiri mwakhala mukundifunsa kuti, wapolisi akandiimitsa n'kunena kuti ndikununkha mowa, kodi ali ndi mphamvu yovundula galimoto yanga yonse?

Tiyambire pa kuimitsa. Wapolisi wovala yunifomu akakweza dzanja, imani. Apo palibe kukambirana. Lamulo la zapamsewu la 1997 limamulola kuona laisensi yanu, inshuwalansi, COF (chikalata chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), matayala ndi magetsi, ndipo safunika kalata ya kukhoti kuti achite zimenezo.

Akamva fungo la mowa, kapena akaona maso ofiira ndi lilime lolemera, ali ndi chifukwa chokuyezani. Adzakupatsani kachipangizo kaja kopumiramo. Malire m'dziko muno ndi magalamu 0.08 a mowa mu mamililita 100 a magazi. Abale anga, muyeso umenewu sungadziwike ndi mmene mukudzimvera m'mutu. Aliyense amati "ndangomwa awiri basi". Awiri ake ati? Kachasu alibe chizindikiro pabotolo, wina amatcheza waukali, wina wosungunula. Ndipo mvetsetsani ichi: ngakhale galimoto itaima m'mbali mwa msewu, inu mukakhala pampando wa dalaivala injini ikulira, mutaledzera, mlandu ulipo. Kukana kupumira m'kachipangizo sikukupulumutsani, kumangokulitsa nkhani. Akapeza kuti mwaledzera, sakulolani kupitiriza ulendo, ndipo ine ndimati akuchita bwino, chifukwa kumbuyo kwanu mwanyamula ana a eni.

Tsopano chipikisheni. Apa ndi pamene ambiri timasokoneza. Kuyeza dalaivala ndi nkhani ina, kusecha katundu ndi nkhani inanso. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino, amene tinakhazikitsa mu 1994, limateteza munthu kuti asasechedwe mwachisawawa, iyeyo, nyumba yake kapena katundu wake. Galimoto ndi katundu. Chikwama cha munthu wokwera ndi katundu.

Koma ufuluwu uli ndi malire, ndisakunamizeni. Wapolisi akabwera ndi kalata ya kukhoti, asecha. Inu mukavomera nokha, asecha. Akakumangani, angathe kukusechani m'thupi ndi kutenga zinthu zokhudza mlanduwo. Ndipo ngakhale popanda kalata, ngati ali ndi chifukwa chomveka chokayikira kuti m'galimoto muli zakuba kapena zoletsedwa, monga chamba, lamulo limamulola kuimitsa ndi kusecha. Mawu ofunika ndi amenewo, chifukwa chomveka. Chikhale chinthu chimene waona, wanunkhiza kapena wauzidwa, chimene angathe kuchifotokoza pamaso pa majisitireti. Kungoti nkhope yanu sinamusangalatse, chimenecho si chifukwa.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Tinakwera pikapu madzulo ena kuchokera ku Santhe, ine kutsogolo. Pa lodibuloko dalaivala ataponda buleki, kabotolo kotsegula kale kanagubuduka kuchoka pansi pa mpando mpaka kukagunda phazi lake. Wapolisi anakaona ndi tochi. Apo dalaivala analibe chonena, botolo lili poyera, fungo lili m'kamwa. Kusuzumira pansi pa mpando kufuna mabotolo ena kunali koyenera ndithu. Koma kenako wapolisi wina anapita kumbuyo n'kuyamba kumasula kathumba ka mayi wina wachikulire, momwe munali zitenje ndi mankhwala ake a kuchipatala. Mayiyo anangoti, "Mwanawe, amene wamwa ndi uyo, ine ndalakwa chiyani?" Funso limenelo linali la lamulo lenileni. Kuledzera kwa dalaivala sikusandutsa okwera onse kukhala okayikiridwa. Ndipo amayi, dziwani kuti ngati pafunika kukusechani m'thupi, akusecheni mayi mnzanu, mwaulemu.

Ndiye mutani zikakugwerani? Musalimbane, musakankhe dzanja la wapolisi, musathawe. Kutero ndi mlandu wina pawokha, ndipo pamsewu usiku simupambana. Funsani mofatsa, "Bwana, ndingadziwe chimene mukufuna m'galimotomu?" Ngati simukugwirizana nazo, nenani momveka, anthu amve: "Sindikuvomereza, koma sindikuletsani." Kenako imani pomwepo, maso pa manja awo, buti akamatsegula inu mukhalepo. Chilichonse chimene atenga, pemphani kuti chilembedwe.

Pali china chimene chimandiwawa mtima. Ambiri sitifika n'komwe pa mafunso amenewa, timathamangira kupinda kandalama mkati mwa laisensi, ati ya fanta. Woperekayo ndi wolandirayo onse apalamula mlandu wa ziphuphu. Choipitsitsa n'chakuti dalaivala woledzera uja, atapereka ya fanta, amalizanso injini n'kupitirira, ndipo kutsogoloku kuli mwana wanu ali panjinga akuchokera kuchigayo. Ngati pali chindapusa, lipirani ndipo mulandire lisiti la boma.

Akakumangani, gawo 42 la malamulo aakulu a dziko aja likuti akuuzeni chifukwa chake m'chilankhulo chimene mukumva. Muli ndi ufulu wokhala chete ndiponso wolankhula ndi loya, ndipo akufikitseni kukhoti pasanathe maola 48, pokhapokha nthawiyo itathera tsiku limene khoti silitsegula. Belo ya kupolisi ndi yaulere, wina asakuuzeni mtengo.

Mukaona kuti anakusechani mopanda chifukwa, kapena china chasowa, yambani kwa mkulu wa polisi ya dera limenelo. Zikakanika, kuli bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, limene linabwera ndi lamulo la apolisi la 2010, kulinso a Malawi Human Rights Commission ndi a Legal Aid Bureau kwa amene sangakwanitse loya. Koma kumeneko adzakufunsani tsiku, nthawi, malo, dzina kapena nambala ya wapolisiyo, ndi amene analipo. Ndiye mukangofika kunyumba lembani zonsezo, ngakhale kuseri kwa kope la mwana, ndipo mutenge nambala ya foni ya wokwera mmodzi kapena awiri asanabalalike.